GALIMOTO YA LIWIRO NDI MSEU WA KU NDOLA



Sabata latha ndinalandira kalata yocokera kwa bambo wina wa ku Chimwemwe, m'mzinda wa Kitwe. Bamboyu amagwira nchito pamalo potsukira magalimoto, ndipo akuti pamenepo pali mkangano umene watha miyezi itatu wosaweruzika. Anyamata ena ati galimoto yoposa zonse pa dziko lapansi ndiyo Ferrari, ena ati iai, ndiyo Lamborghini, koma mkulu wina wokonza mainjini amangoseka nati Porsche. Tsono alikundipempha kuti ndiweruze mlanduwo pa wailesi. Pa mapeto a kalata yace waonjezapo funso lina, limene ine ndiliyesa lalikulu kuposa loyamba lija. Akuti, "Nanga munthu atazipeza ndarama zace, kodi angathe kuisunga galimoto yotere kuno kwathu ku Migodi?"

Tiyambe ndi mlandu wa anyamatawo, pakuti suli wobvuta kweni-kweni.

Magalimoto amenewa sanapangidwire kunyamula banja kapena matumba a ufa. Ambiri ali ndi mipando iwiri yokha. Ndi aafupi ndithu, kotero kuti munthu wamkulu akaima pambali, denga limalekezera pansi pa cifuwa cace. Injini siikhala kutsogolo monga tinazolowera, koma kumbuyo kwa woyendetsa. Cifukwa cace mucidziwa kale inu amene munanyamulapo thumba la makala pa njinga. Mukalimanga kumbuyo kwambiri, gudumu la kutsogolo limapepuka ndipo njinga imakana kukhota. Mukalisendeza pakati, njinga imamvera. Comweconso injini ndiyo katundu wolemera wa galimoto, ndipo amisiri amafuna kuti ikhale pakati pa magudumu.

Kufupikako ndi cifukwa ca mphepo. Galimoto ikathamanga imakankha mphepo, ndipo mphepo nayo imabwezera. Mukaonjeza liwiro kawiri, mphepo imabwezera kanai, ndipo mphamvu yofunika kuigonjetsa imakula kasanu ndi katatu. Ndico cifukwa cace Toyota Corolla ya mphamvu ya akavalo 110 ingathe kufika makilomita 180 pa ora, koma kuti galimoto ifike 330 pafunika akavalo ngati 600. Makilomita otsirizawo ndiwo amadya ndarama za mwini.

Tsopano tiziike zitatuzi pamodzi. Ndisankha za zaka zoyandikana, kuti mlandu ukhale wolungama.

Ferrari imapangidwa ku Maranello, m'dziko la Italy. Enzo Ferrari anaturutsa galimoto yoyamba ya dzina lace mu 1947, ndipo mtima wace unali pa mipikisano. Magalimoto a pamseu anali kuwagulitsa kuti apeze ndarama zothamangitsira ena. Ferrari 488 GTB ya 2015 iri ndi injini ya masilinda 8, akavalo 670. Icoka poima kufika makilomita 100 pa ora m'masekondi 3.0, ndipo imalekezera pa 330.

Lamborghini nayonso ndi ya ku Italy, ku mudzi wa Sant'Agata Bolognese, pafupi pomwepo. Ferruccio Lamborghini anali wopanga mathirakitala. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti iye anagula Ferrari, nakadandaula kwa mwini wace za kilachi, ndipo anayankhidwa mwacipongwe. Pamenepo anayamba kupanga zace mu 1963. Lamborghini Huracán ya 2014 iri ndi masilinda 10, akavalo 610, masekondi 3.2, ndi liwiro lotsiriza 325. Mphamvu yace imapita ku magudumu onse anai.

Porsche ndi ya ku Stuttgart, m'dziko la Germany. Mtundu wace wochuka, 911, unaonetsedwa mu 1963 ndipo ulikupangidwabe. Injini yace iri kumbuyo kweni-kweni, kupitirira magudumu, monga m'galimoto yaing'ono ija ya Volkswagen yooneka ngati kamba, imene Ferdinand Porsche anaijambula. Amisiri a ku Stuttgart atha zaka zambiri alikuweta cilema cimeneci kufikira cinasanduka ubwino. 911 Turbo S ya 2020 iri ndi masilinda 6, akavalo 650, masekondi 2.7, ndi liwiro 330.

Mwaona tsono kuti anyamata a ku Chimwemwe alikukangana pa theka la sekondi, nthawi yosakwanira ndi kuyetsemula komwe. Kusiyana kweni-kweni kuli pa khalidwe. Ferrari ndi yopepuka m'manja pokhota. Lamborghini ndi ya maso ndi makutu: thupi lace ndi la ngondya zakuthwa, ndipo injini yace, popeza iribe turbo, imalira mokweza kotero kuti a kumsika amaleka malonda nayang'ana. Porsche siidzionetsa motero, koma munthu amaona bwino kunja ali m'kati mwace, ali ndi timipando tiwiri kumbuyo toikapo cikwama, ndipo angathe kupita nayo ku nchito tsiku ndi tsiku. Ngati mufuna ciweruzo canga, ine ndiri kumbali ya mkulu wokonza mainjini uja. Anthu okonza amaweruza galimoto ndi masiku amene yakhala pamseu.

Komatu ziwerengero zonsezi zinayesedwa pa mabwalo osalala a ku Ulaya. Tiyeni tiitenge galimotoyo tiiike pa mseu wathu wocokera ku Kitwe kunka ku Ndola, umene uli makilomita opitirira pang'ono 60. Mseu umenewu ndi wina wa miseu yonyaditsa ya Zambia, pakuti uli ndi mbali ziwiri, yopita ndi yobwera. Pa liwiro la 320 ulendowo ukadatha m'mphindi 12. Koma lamulo la dziko silifika ngakhale pa theka la liwiro limenelo. Pakati pa njira pali cipata ca msonkho, cimene cinatsegulidwa mu 2018, pamene Ferrari iyenera kuima pa mzere pambuyo pa minibasi. Pali malole olemera onyamula mkuwa, asidi, ndi katundu wopita ku malire a Kasumbalesa. Malole amenewa amakanya phula kuti lipange mizere iwiri yozama ndi msana pakati, ndipo mvula ya November kufikira April ikalowa m'ming'alu, maenje amabadwa usiku umodzi.

Apa ndipo pali ciwerengero cimene anyamata saciloweza: mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka. Pa magalimoto awa mpatawo ndi masentimita 11 kapena 13, pamene pa Land Cruiser ndi opitirira 20. Tengani botolo la zakumwa, muligoneke pansi, muikepo lina pamwamba pace. Mpata wa Ferrari suposa pamenepo. Citunda ciri conse coikidwa pamseu kuti magalimoto acepetse liwiro cimasanduka phiri. Woyendetsa ayenera kucikwera mopingasa, gudumu limodzi-limodzi, ndi a pambuyo pace alikuliza mahutala. Ena a magalimotowa ali ndi batani lokwezera mphuno pang'ono, koma batani limenelo silidziwa kuya kwa dzenje lodzala madzi.

Matayala nawonso ndi opyapyala m'mbali, kuti galimoto isagwedere pokhota. Tayala la Hilux likagunda dzenje, mpweya wambiri umene uli m'katimo umalandira nkhonyayo. Tayala lopyapyala liribe colandirira. Nkhonya imapyola kufika pa limu, ndipo limu limapindika kapena kusweka. Tayala lapadera mulibe, cifukwa mulibe malo oliika, ndiponso a kutsogolo ndi a kumbuyo ndi osiyana kukula. Tsono taganizani munthu wa ndarama zace ataima m'mbali mwa mseu pafupi ndi mphambano ya ku Luanshya, dzuwa lirikulowa, tayala limene alifuna liri ku Johannesburg.

Ndachula Johannesburg cifukwa kumeneko ndiko kuli masitolo ndi magaraja a Ferrari ndi Lamborghini amene tingafikeko pa mseu, ndipo ndi ulendo wa makilomita pafupi-fupi 2,000 kucokera ku Kitwe. Amakanika athu ndi anzeru ndithu. Ine ndinaonapo mnyamata wa ku Masala alikusula citsulo ca galimoto ya ku Japan cimene sitolo iri yonse ya mu Ndola inati kulibe. Koma galimoto za masiku ano zimalamulidwa ndi kompyuta, ndipo kompyuta ya Ferrari siiyankhula ndi munthu wopanda makina a eni ace. Ikadwala, iyenera kukwezedwa pa lole ndi kuoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula kapena wa Chirundu monga wodwala wopita ku cipatala cacikulu. Onjezanipo za petulo. Opanga amafuna petulo wa nambala 98, amene sapsa msanga pamene injini yamfinya kwambiri, koma pa mapampu athu petulo ndi wa mtundu umodzi, palibe kusankha. Onjezaniponso msonkho wa pa malire, msonkho wa zinthu za manyado, ndi VAT ya 16 pa 100 pamwamba pa zonsezo, ndipo mudzaona kuti mtengo wolembedwa m'magazini a ku Ulaya ndi ciyambi cabe.

Wina angaganize kuti nkhani iyi ndi ya lero lokha. Iai, ku Migodi kuno magalimoto a liwiro anafika kale, makolo athu akali anyamata. M'zaka za m'ma 1950 mkuwa unali pa mtengo wabwino. Mu 1956 tani imodzi inapitirira mapaundi 400 pa msika wa ku London. Azungu a m'migodi anali kulandira bonasi yotsata mtengo wa mkuwa, ndipo caka cimeneco bonasiyo inafika polingana ndi malipiro eni ace. Ndarama zoterezi zinagula magalimoto a ku England a mipando iwiri, a MG, Triumph, Austin-Healey ndi Jaguar. Anali ndi mabwalo ao othamangitsirapo, lina ku Garneton pafupi ndi Kitwe, lina locedwa Lawrence Allen ku Chingola. Munthu wakuda wa mumgodi womwewo, wolowa m'cikepe comweco, malipiro ace sanali kufika gawo limodzi la magawo 10 a Mzungu. Iye mpikisano wace unali wa njinga, ndipo mkangano wa m'makomboni a Wusakile ndi Chamboli unali wakuti yabwino ndi iti, Raleigh kapena Humber. Pamene Jaguar E-Type inaturuka mu 1961, ya mtengo wa mapaundi 2,100 ku England ndi liwiro la mamailosi 150 pa ora, kwa munthu wa m'komboni inali malipiro a zaka zambiri osadya, osabvala.

Koma eni ace a magalimoto aja anaphunzira msanga kuti galimoto siiyenda yokha. Mu 1958 mtengo wa mkuwa unagwa kufika pansi pa mapaundi 200, ndipo bonasi inagwa nao. Phunziro lowawa koposa linadza ufulu utafika. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wace wosaloledwa ku Rhodesia, ndipo mafuta a Zambia, amene anali kudzera kumeneko, analeka kufika. Boma linayamba kugawa petulo ndi makuponi, magaloni 4 pa mwezi kwa mwini galimoto. Jaguar imayenda mamailosi ngati 20 pa galoni. Werengani nokha: mamailosi 80 pa mwezi, ndiko kunena ulendo umodzi wocokera ku Kitwe kupita ku Ndola ndi kubwerera, kenaka galimoto igone masabata anai. Masiku amenewo wa njinga ndiye anali mfumu ya mseu. Mafuta anali kubwera pa ndege, ndiponso m'migolo pa malole ocokera ku Dar es Salaam, pa mseu woipa umene oyendetsa anaucha Hell Run cifukwa ca anzao ambiri amene anafera pomwepo.

Mabvuto amenewo ndiwo anabala paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, imene inafika ku Ndola mu 1968, ndi fakitale yoyenga mafuta ya Indeni mu 1973. Cosangalatsa ndi cakuti zonse ziwiri zinamangidwa ndi thandizo la anthu a ku Italy, kwao kwa Ferrari. Ndiponso kampani ya Fiat, imene inagula theka la Ferrari mu 1969, inayamba kulumikiza timagalimoto tace ku Livingstone kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ku Ndola kunali fakitale ya matayala ya Dunlop, ndi ina yolumikiza Land Rover. Nthawi imeneyo munthu wa ku Ndola akadatha kuthira petulo woyengedwa kwao m'galimoto ya matayala opangidwa kwao. Mafakitale a matayala ndi a magalimoto aja anatsekedwa kale, Indeni inaleka kuyenga, ndipo kuyambira 2023 paipi ija imanyamula dizilo woyengedwa kale kunja. Petulo wa galimoto ya liwiro amabwera pa malole omwe aja amene amakumba mseu umene iyo ifuna kuthamangapo.

Kodi tsono miseu ya Africa siifuna liwiro? Imalifuna, koma la mtundu wace. Mpikisano waukulu wa ku East Africa, wocedwa Safari, unayamba mu 1953, ndipo kunali kumene magalimoto anali kuyesedwa pa matope, pa miyala ndi pa pfumbi. Anapambana kawiri-kawiri m'zaka zoyamba ndi magalimoto wamba: Volkswagen ija yonga kamba, ndi Peugeot 404, imene inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Galimoto ya mipando iwiri imene inaonetsa camuna kumeneko inali ya ku Japan, Datsun 240Z, yopambana mu 1971 ndi 1973, ndipo inatero ataikweza miyendo ndi kuicinga mimba ndi citsulo. Porsche inayesa zaka zambiri ndi 911 yace, nifika paciwiri katatu, koma Safari siinaipambane. Inakapeza ulemu wace m'cipululu, pa mpikisano wa Paris–Dakar wa 1984 ndi 1986. Ifenso a Zambia tiri ndi ngwazi zathu pa masewera amenewa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse nthawi 8 pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo Muna Singh anatenga ulemu womwewo mu 2004 ndi 2005 pa Subaru Impreza, galimoto ya zitseko zinai imene mungaipeze itaima pa msika wa Chisokone.

Opanga magalimoto a manyado nawonso anabvomera pa mapeto pace. Porsche inaturutsa Cayenne, galimoto yaitali miyendo, mu 2002. Lamborghini inatsatira ndi Urus mu 2018, ndipo Ferrari, imene inakana zaka zambiri, inaonetsa Purosangue ya zitseko zinai mu 2022. Caka comweco Porsche inaonetsa 911 Dakar, imene mimba yace ingakwezeke kufika masentimita 19, ndipo Lamborghini inakweza Huracán niicha Sterrato, ndiko kunena mseu wa dothi m'cinenero cao. Anthu a cuma a ku Kitwe ndi Ndola anadziwa zimenezi asanauzidwe. Yang'anani zimene zimaima pa mahotela ndi pa maukwati: Range Rover, Land Cruiser, Mercedes-Benz zazitali. Acinyamata okonda liwiro amagula Toyota Mark X kapena Subaru yogwirapo kale nchito ku Japan, imene zitsulo zace ziri m'sitolo iri yonse.

Pali kanthu kena kamene sindingathe kukalumpha, ngakhale kalata siinafunse. M'galimoto iri yonse muli mkuwa wolemera makilogalamu 20 kapena kuposa, m'mawaya ndi m'timakina tace, ndipo ya magetsi imafuna katatu kapena kanai kuposa pamenepo. Ndiye kuti mwina m'Ferrari imene mulikuisirira pa cithunzi muli dothi la ku Nkana. Ndarama zambiri zogulira magalimoto okongola mu Kitwe zimacokeranso m'dothi lomwelo. Nonse mulidziwa phiri lakuda lija la pafupi ndi Wusakile, Black Mountain, limene ndi zotsala za ng'anjo ya Nkana zounjikidwa kuyambira zaka za m'ma 1930, ndipo mukali mkuwa ndi kobalti. Mu 2018 boma linapereka gawo la phirilo kwa okumba ang'ono-ang'ono, ndipo pa 20 June caka comweco mbali yace inagumuka nikwirira anyamata. Osacepera 10 anafa. Ogula ndi ogulitsa miyalayo ena ali ndi magalimoto onyezimira. Okumba ndi otola anapita ku phiri tsiku limenelo pa mapazi. Ine sindinena kuti galimoto yokongola iri yonse inagulidwa ndi mwazi, pakuti ambiri anaigwirira nchito moona. Koma mtima wanga sukhala pansi ndikaona galimoto ya mtengo wa nyumba 10 irikudutsa pamene amai alikutola miyala m'pfumbi la malole.

Ndiponso liwiro liri ndi mangawa ace kwa anthu amene sanakwere. Mu 2021 ndi mu 2022 anthu opitirira 2,000 anafa pa miseu ya Zambia caka ciri conse, ndipo ambiri mwa iwo anali oyenda pansi ndi a pa njinga. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ora imadutsa mamita 55 pa sekondi imodzi, ndiko kunena theka la bwalo la mpira, woyendetsa asanaponde ndi buleki yomwe. Akaiponda, mtunda woimira uli kanai kuposa wa pa liwiro la 100. Mabuleki a Ferrari ndi abwino koposa, inde, koma anayesedwa pa bwalo lochingidwa ndi mpanda. Mseu wa ku Ndola ulibe mpanda. Uli ndi ana a sukulu, ogulitsa makala ndi bowa, ndi lole yofa yosayatsa nyali, imene mwini wace wangoika nthambi za mtengo pamseu.

Tsono ndikuyankheni, bambo a ku Chimwemwe. Kuisunga mungathe, ngati muli ndi ndarama zogulira ziwiri pamene mwagula imodzi, galimoto yina yoyendera masiku onse, ndi mtima wopirira kudikira citsulo masabata angapo. Mudzayenda nayo m'cirimwe, masana, pa miseu imene mwaiyendera kale dzulo lace ndi galimoto yina kuti muwerenge maenje. Mwa zitatu zija, imene ingapirire kuno ndi Porsche, makamaka yokwezedwa ija, koma anaipanga 2,500 zokha pa dziko lonse.

Ndipo ngati tsiku lina imodzi idzafika pamalo panu potsukira, muwauze anyamata asalozetse paipi ya madzi amphamvu m'mazenera a kumbuyo, pakuti injini ndi mawaya ace ziri pomwepo. Akatha kutsuka, agwade pansi ayang'ane kunsi kwa mphuno yace. Adzapeza zipsera za citunda ciri conse cimene yakwera kucokera ku Ndola.